Kusoka trench coat ya munthu wodzaza thupi: pateni muipeze m'njira iti?

Trench coat ndi chovala chosabisa cholakwa. Nsalu yake ndi yolukidwa mothinana, siitamuka, ndipo ulusi wosokedwa pamwamba umaonetsa poyera pamene pakoka ndi pamene pakhwepa. Chikhotichi chinatchuka ndi akuluakulu a asilikali a ku Britain pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, ndipo nsalu yomwe chimadziwika nayo, ya gabardine, anaiyambitsa Thomas Burberry mu 1879. Chinapangidwira amuna ovala yunifolomu m'kati, n'chifukwa chake zambiri zomwe timachidziwira zili kumtunda: timalamba ta pamapewa, chophimba cha pachifuwa, chophimba cha kumsana, kolala yoima ndi mizere iwiri ya mabatani. Malo omwewo, mapewa ndi chifuwa, ndi pamene matupi odzaza amasiyanirana kwambiri ndi mapateni wamba. Ndiye funso lalikulu limabwera lumo lisanakhudze nsalu: pateni yokukwanani, mapepala omwe mumatsata podula nsalu, muipeza bwanji?

Njira zilipo zinayi. Mutha kugula pateni yojambulidwira matupi odzaza, kusintha nokha pateni wamba, kukopera chikhoti chomwe muli nacho kale, kapena kujambula yatsopano kuchokera pa miyeso yanu.

## Zoyang'ana musanasankhe

Tengani tepi muyese malo awiri. Koyamba zungulizani pamwamba pa mabere, tepi idutse m'khwapa. Kachiwiri zungulizani pamene mabere atukuka kwambiri. Kusiyana kwa miyeso iwiriyi ndiye kapu ya osoka, yomwe si yofanana ndi yolembedwa pa bra: masentimita 5 ndi kapu B, 7.5 ndi C, 10 ndi D. Mapateni ambiri a makampani akuluakulu monga Simplicity, McCall's, Butterick ndi Vogue amajambulidwa pa kapu B.

Nachi chitsanzo. Mayi wayesa pamwamba wapeza 107, pamabere wapeza 122. Akasankha saizi potengera 122, pateniyo ikuganiza kuti kumtunda kwake ndi 117, choncho mapewa agwera m'mikono, kolala itayana ndi khosi, ndipo pokwera mkono padzakhala pakhwepe. Saizi yake yeniyeni ndi ya chifuwa cha 112, kenako aonjezere masentimita 10 kutsogolo kokha, 5 mbali iliyonse. Mfundo yanga yonse yagona pamenepa: chikhoti chimapachikika pamapewa. Mapewa akakhala bwino, chifuwa, mimba, chiuno ndi mikono zimatheka kuonjezera. Mapewa akalakwika, palibe lamba amene angakonze.

Yesaninso chiuno mutakhala pampando, chifukwa thupi lofewa limatambasuka mukakhala. Yesani mkono wakumtunda mutaupinda. Kumbukirani kuti chikhoti chimavalidwa pamwamba pa zovala zina, motero chimafuna mpata wa masentimita 10 mpaka 15 pachifuwa, ndi osachepera 5 pa mkono wakumtunda.

Njira iliyonse ndiiona pa zinthu zinayi. Mtengo, kuphatikizapo nthawi ndi nsalu yoyesera. Kupezeka kwake. Kusamala, kutanthauza ntchito yosunga pateniyo ndi kuikonzanso thupi likasintha. Ndi pomwe pali ngozi. Pa mtengo dziwiranitu kuti pateni ndi gawo laling'ono. Chikhoti chofika m'maondo cha saizi yaikulu chimadya mamita 4 kapena 5 a nsalu yotambalala masentimita 150, kuonjezera layiningi (nsalu ya m'kati mwa chikhoti), nsalu yolimbitsira, mabatani ndi chomangira lamba. Ndalama zambiri zimatayika pamene nsalu yonseyo yadulidwa pa pateni yolakwika.

## Njira yoyamba: pateni yojambulidwira matupi odzaza

Pali kusiyana pakati pa pateni yomwe yangokuzidwa kufika pa saizi zazikulu ndi yomwe inayambira pa thupi lodzaza. Yachiwiriyi imakhala ndi mapewa opapatiza poyerekeza ndi chifuwa, mkono wotakata, ndi kutsogolo kotalikirapo kuti kuphimbe mabere ndi mimba. Kampani ya Cashmerette, yomwe anayambitsa Jenny Rushmore, ili ndi trench coat yotchedwa Chilton, ya mzere umodzi wa mabatani, yokhala ndi misoko ya princess (yotsika kudutsa pabere) ndi makapu kuyambira C mpaka H. Magazini ya Burda Style nayo imatulutsa mapateni a saizi zazikulu, ndipo nthawi zina zikhoti zimakhalamo.

Mtengo. Mwa njira zonse, iyi ndi yomwe mumalipira kwambiri poyamba. Mapateni a makampani ang'onoang'ono ndi odula kuposa a makampani akuluakulu, ndipo ngati mwagula ya PDF pali mtengo wosindikiza. Koma kawirikawiri chikhoti choyesera chimodzi chimakwana, ndiye nsalu ndi nthawi zimapulumuka.

Kupezeka. Ya PDF mumailandira nthawi yomweyo pa intaneti. Mutha kuisindikiza pa mapepala a A4 n'kumata, kapena pa pepala lalikulu la A0. Trench coat ili ndi zidutswa zambiri, choncho masamba a A4 amachuluka ndipo kumata kumadya madzulo athunthu. Masitayilo ndi ochepa. Ngati mtima wanu uli pa mizere iwiri ya mabatani ndi mkono wa raglan (wa msoko wochokera m'khwapa kukafika pakhosi), mwina simupeza yoteroyo pa saizi yanu.

Kusamala. Fayilo mumasindikizanso thupi likasintha, ndipo saizi zonse zili momwemo. Yapapepala musaidule, ikopereni pa pepala lina.

Pomwe pali ngozi. Ambiri amaganiza kuti popeza yalembedwa kuti ndi ya matupi odzaza, ikwana yokha. Ayi. Kampani iliyonse ili ndi thupi lomwe imaganizira: ina chiuno cholowa ndi mbina yaikulu, ina mimba yotsogola. Wokhala ndi mabere aang'ono koma mimba yaikulu apeza nsalu yotsala pachifuwa. Posindikiza onetsetsani kuti makina ali pa 100 peresenti ndipo yesani kabokosi koyesera; kulakwitsa pang'ono pa tsamba limodzi kumakula pa chikhoti chonse. Mapateni a m'magazini ya Burda alibe malo a msoko, mumaonjezera nokha, ndipo oiwala zimenezi amasoka chikhoti chothina paliponse.

## Njira yachiwiri: kusintha nokha pateni wamba

Iyi ndi njira yomwe imaphunzitsa kwambiri, komanso ndi yomwe anthu amaipeputsa.

Ntchito yake yaikulu ndi kuonjezera malo a mabere, komwe osoka amafupikitsa kuti FBA. Mumadula pepala la kutsogolo kuchokera kumunsi kukafika pansonga ya bere n'kupatukira kokwera mkono, mumadulanso kuchokera m'mbali, kenako mumatambasula ndi muyeso womwe mukufuna. Kutsogolo kumatakata, kumatalika, ndipo m'mbali mumatuluka dati, kampindo kosongoka komwe mumasoka kuti nsalu itsate thupi. Ngati pateniyo ili ndi misoko ya princess, ija yotsika kuchokera paphewa kapena kokwera mkono kudutsa pabere, datiyo imalowa mu msokowo ndipo siioneka. Ine ndimaona kuti pa thupi lodzaza misoko imeneyi ndi yofunika kuposa china chilichonse pa pateni, chifukwa imakupatsani malo anayi oonjezera, kutsogolo ndi kumbuyo, osati m'mbali mokha.

Kenako pali mkono. Mumadula pepala la mkono m'litali ndi m'lifupi ngati mtanda, n'kukoka m'mbali kuti wakumtunda utakate popanda kutalikitsa mzere womwe ulowe paphewa. Mkono wa zidutswa ziwiri umalolanso kuonjezera pang'ono m'misoko yake iwiri. Chiuno ndi mbina mumakonza polumikiza mizere ya saizi ziwiri, yaing'ono kumtunda, yaikulu kumunsi.

Pa diresi ntchito ikanathera pamenepo. Pa trench coat m'pamene yayambira. Mukasintha kutsogolo, musinthenso nsalu yopindira m'kati mwa kutsogolo, layiningi, nsalu yolimbitsira ndi chophimba cha pachifuwa. Chophimbachi anthu amachiiwala: chikatsala pa saizi yakale chimakwera pamwamba pa bere n'kuima ngati khutu. Mukatakasa msana, chophimba cha kumsana nacho chitakate. Mabatani ayalidwenso chifukwa kutsogolo kwatalika, ndipo limodzi likhale pamzere wa nsonga ya mabere kuti pasayasame. Pa chikhoti cha mizere iwiri, mzere wapakati wa thupi si m'mphepete mwa nsalu. Mabatani amakhala mtunda wofanana mbali zonse za mzerewo, ndipo mukausokoneza chikhoti chonse chimapendekeka. Matumba asunthidwe abwere pamene dzanja likufika, timalamba togwira lamba tikhale pa chiuno chanu chenicheni, lamba atalikitsidwe.

Mtengo. Pateni ndi yotsika mtengo, mwina muli nayo kale. Mumalipira ndi nthawi, pepala lambiri, ndi zikhoti zoyesera ziwiri kapena zitatu.

Kupezeka. Apa ndiye pali ufulu. Masitayilo ndi ambiri, kuchokera ku makampani akuluakulu komanso ang'onoang'ono, monga Isla ya Named Clothing kapena Luzerne ya Deer and Doe. Malangizo a kusinthaku ali ponseponse m'mabuku a zosoka ndi pa YouTube.

Kusamala. Pateni yodulidwadulidwa n'kumatidwa siikhalitsa. Mukamaliza ikopereni yoyera pa pepala lolimba, lembani pa chidutswa chilichonse zomwe munasintha, miyeso yanu ndi tsiku. Thupi likasintha kwambiri mumayambiranso.

Pomwe pali ngozi. Ngati saizi yaikulu ya pateniyo ikuchepa ndi saizi imodzi kapena ziwiri, kuikuza kumatheka. Kupitirira apo musatero. Thupi silikula mofanana paliponse: chiuno chikhoza kuonjezeka masentimita 20 pamene phewa lasuntha pang'ono chabe ndipo mkono sunatalike n'komwe. Pateni yokuzidwa mofanana paliponse imatulutsa khosi lalikulu, mapewa ogwa ndi mikono yophimba zala. Ngozi ina ndi kuphatikiza zosintha zambiri nthawi imodzi mpaka osadziwanso chomwe chayambitsa makwinya. Yambani ndi kutalika, kenako mapewa, chifuwa, chiuno, mkono pomaliza, ndipo mukatha yendetsani zidutswa zoyandikana msoko ndi msoko muone ngati zikufanana.

## Njira yachitatu: kukopera chikhoti chomwe chimakukwanani

Ngati muli ndi chikhoti chomwe mapewa ake amakukhalani bwino, muli ndi chuma. Mutha kuchiyala pa pepala n'kuboola ndi singano motsata misoko, kapena kuchisula ngati chatha ntchito. Sulani theka lokha, theka linalo likhale lokukumbutsani momwe zidutswa zimalumikizirana.

Mtengo. Pafupifupi palibe, kupatula chikhoticho ngati mwachisula.

Kupezeka. Apa m'pamene njirayi imagwera. Ambiri amafuna kusoka chifukwa sanapezepo chikhoti chowakwana. Komabe sichiyenera kukhala trench coat. Chikhoti chilichonse cha nsalu yosatamuka chomwe mapewa ndi mikono zili bwino chikhoza kukhala poyambira, zophimba ndi timalamba mujambulepo nokha, popeza ndi zidutswa zosavuta.

Kusamala. Mumapeza saizi imodzi yokha, ya thupi lanu la lero.

Pomwe pali ngozi. Chovala chovalidwa nthawi yaitali chimatamuka m'zigongono ndi kumbuyo, ndipo mukakopera mumatenga ndi kupindika komweko. Malo a msoko a zovala za m'fakitale amakhala ochetedwa, choncho kopani mzere wa ulusi n'kuonjezera nokha masentimita 1.5. Lembani komwe ulusi wa nsalu ukulowera pa chidutswa chilichonse musanachisule. Mkono ndi kolala ndi zovuta kukopera molondola chikhoti chili chosasula. Malangizo a kasokedwe palibe, ndiye muyenera kudziwa kale chomwe chimayamba ndi chomwe chimatsiriza.

## Njira yachinayi: kujambula kuchokera pa miyeso yanu

Izi zimachitika pamanja ndi rula, kapena pa kompyuta. Pamanja mumayamba ndi pateni ya maziko yokwana thupi ndendende, mumaonjezera mpata wa chikhoti, mumatsitsa kokwera mkono, kenako mumajambula kolala, malapelo (mbali za kutsogolo zopindikira kunja pansi pa kolala) ndi zina zonse. Pa intaneti pali malo monga Lekala omwe amatulutsa pateni mukalowetsa miyeso, komanso FreeSewing, yomwe ndi yaulere ndipo ili ndi zikhoti zazitali zotchedwa Carlton ndi Carlita zomwe munthu angasinthe kuti zifanane ndi trench coat. Wofuna kujambula yekha pa kompyuta angagwiritse ntchito Seamly2D.

Mtengo. Ndalama ndi zochepa. Nthawi ndi yambiri kuposa njira zonse ngati mukujambula pamanja.

Kupezeka. Palibe malire a saizi, ndipo kwa munthu amene miyeso yake yapitirira matebulo onse a masaizi a mapateni, ufulu umenewu si waung'ono.

Kusamala. Apa njirayi ikuposa zinzake. Maziko abwino amagwira ntchito pa zovala zambiri kwa zaka, ndipo pa kompyuta mumangosintha manambala pateni n'kutulukanso.

Pomwe pali ngozi. Njira zambiri zojambulira zimawerengera phewa, khosi ndi kuya kwa kokwera mkono kuchokera pa muyeso wa chifuwa. Pa thupi lodzaza masamu amenewa amabweretsa vuto lomwe lija la mapewa aakulu. Yesani phewa ndi msana pa thupi penipeni, musadalire masamu. Kudziyesa nokha kumsana sikutheka bwino, pezani wokuthandizani. Kolala ya trench coat ili ndi zidutswa ziwiri, choimika ndi chogwa, ndipo kuijambula kuti ikhale bwino pakhosi lalifupi kumafuna kuyesa kangapo. Malangizo a mapateni a pa kompyuta nthawi zambiri ndi aafupi kwambiri.

## Zomwe sizisintha, njira iliyonse yomwe mwatenga

Sokani chikhoti choyesera ndi nsalu yotsika mtengo koma yolemera mofanana ndi yeniyeniyo. Nsalu yofewa imanama. Chikhale ndi mikono yonse iwiri ndi kolala, muchivale pamwamba pa juzi, mumange lamba, mukhale pansi, mutambasule manja kutsogolo. Ngati mng'alu wa kumbuyo ukutseguka muli chiimire, mbina ikufuna malo. Ngati mpendero wakutsogolo ukukwera, kutsogolo kukufuna kutalika.

Nsalu nayo imalowerera pa chisankho chanu. Gabardine ya thonje imagwa bwino ndipo imakana madzi, koma siilola kukwinyidwa pang'ono polowetsa mkono, imasunga zibowo za singano mukasula, ndipo imanyezimira mukasita popanda kansalu pamwamba. Pa nsalu yotere mkono wa raglan, womwe msoko wake umachokera m'khwapa kukafika pakhosi, ndi wosavuta, komanso suvutitsa ngati phewa lasiyana pang'ono. Nsalu ya twill ya thonje ndi yofewa kusoka ndipo ndi yomwe ndingauze woyamba kuti atenge. Thonje lopakidwa phula silisitidwa ndi ayironi yotentha, motero nsalu yolimbitsira yomata siigwira, pamafunika yosokerera. Singano ikhale ya saizi 90 kapena 100, ulusi wooneka pamwamba pa chikhoti usokedwe motalikirapo, mamilimita 3 mpaka 3.5. Layiningi ikhale yoterera, yokhala ndi mpindo kumsana, chifukwa layiningi yothina imang'ambika m'khwapa ngakhale chikhoti chakunja chili bwino.

Za mizere iwiri ya mabatani, musamvere oti munthu wodzaza asavale. Choona n'chakuti imadya nsalu yambiri, imaika nsalu zingapo pamwamba pa mimba, ndipo mukavala chosamanga kutsogolo kumalendewera kolemera. Ngati mumakonda kumanga chikhoti, palibe chokuletsani.

## Ndani atenge iti

Ngati ichi ndi chikhoti chanu choyamba ndipo kusiyana kwa miyeso iwiri ija kwafika masentimita 10 kapena kuposa, gulani pateni yojambulidwira matupi odzaza yokhala ndi makapu. Mphamvu zanu zipite ku kolala, matumba ndi mabowo a mabatani, zomwe pazokha ndi ntchito yokwanira.

Ngati munasinthapo mapateni a mabulauzi ndi madiresi, miyeso yanu yakumtunda ili m'tebulo la pateni, ndipo pali sitayilo yomwe mukuifuna ndithu, sinthani nokha. Sankhani ya misoko ya princess, ndipo lembani mndandanda wa zidutswa zonse zomwe zikhudzidwe musanadule pepala loyamba.

Ngati muli ndi chikhoti chokalamba chomwe mapewa ake simudandaula nawo, ndipo kasokedwe ka chikhoti mumakadziwa, kopani. Njirayi imayenereranso abambo a mimba yaikulu, omwe mapateni awo ndi osowa kwambiri: atenge mapewa ndi mikono pa chikhoti chakale, aonjezere kutakata ndi kutalika kutsogolo.

Ngati miyeso yanu yapitirira matebulo omwe mwaona, kapena phewa lina ndi lotsika, kapena mumakhala pa njinga ya olumala ndipo mukufuna kumbuyo kwa chikhoti kufupike kuti musamakhalire nsalu, jambulani kuchokera pa miyeso. Telala wosokera makasitomala ambiri odzaza thupi nayenso apindula ndi njira imeneyi, chifukwa maziko a kasitomala aliyense amawagwiritsanso ntchito akabweranso.

Ndipo ngati mwagwa pakati, phatikizani: mapewa ndi kokwera mkono zichokere pa pateni kapena chikhoti chomwe mukudziwa kuti chimakukwanani, kolala, zophimba ndi matumba zichokere pa pateni ya trench coat yomwe mwaikonda. Poika kolala yachilendo pa thupi la pateni ina, yesani mzere wa khosi wa zonse ziwiri ndi tepi yoimika, ndipo kusiyana kulikonse mukukonzere pakati pa kolala kumbuyo.